Siginecha ya Mkamwini

M'nyumba mwathu muli zikwama zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene ndinagula. Chilichonse chili ndi mawu pamimba pake. China chimalangiza za manyowa, china chimadzudzula nkhanza za m'banja, china chimakumbutsa kusamba m'manja ndi sopo. Akazi anga amasungiramo mbewu ya mpunga, nyemba ndi nsapato zimene ana zinawathina, moti mlendo akakhala pampando n'kumayang'ana kukhoma akhoza kumaliza maphunziro onse a chitukuko asanamwe n'komwe madzi. Zikwama zimenezi ndiyo penshoni yanga. Ndinazitolera m'zaka zimene ndinali munthu wamaulendo.

Kuno ku chigwa cha Bwanje si kwathu. Kwathu ndi kumtunda, cha ku Champiti, kumene mwezi wa Juni munthu amasamba kumaso kokha n'kunena kuti kwinako tidzaonera mu Ogasiti. Ndinatsikira kuno kudzakwatira, ndipo ndinakhala pachikamwini. Mkamwini amadziwa malire ake. Nyumba ndinamanga ndine, koma malo ndi a akazi anga. Mitengo ya mango ndinabzala ndine, koma mthunzi ndi wa eni mudzi. Sindinkadandaula ayi. Ndi mmene tinazipezera, ndipo abambo anga nawonso anakalambira pamudzi pa eni.

Koma kasikimu kathu ka mpunga katayamba, kanabwera ndi buku. Si sikimu yaikulu yodziwika ija ya m'chigwa muno, kathu n'kakang'ono, ka mabanja a midzi iwiri omwera ngalande imodzi. Puloti iliyonse inkafuna dzina limodzi m'bukumo. Tsiku lolembetsa akazi anga anali m'chikuta ndi mwana wathu wachitatu, ndiye ndinapita ndine, ndipo analemba dzina langa. Chitsikireni kumtunda kuja, aka kanali koyamba kuti pakhale kachidutswa ka dziko lapansi kovomera dzina langa. Ndinkapita kukaiona pulotiyo ngakhale Lamulungu potuluka m'tchalitchi, jekete ili pathupi, kungoima pamzere wa m'mphepete mwake n'kumaiyang'ana ngati munthu amene wagula ng'ombe yake yoyamba.

Sukulu ndinalekezera sitandade 3, chifukwa ng'ombe za amalume zinkafuna mbusa mwachangu kuposa mmene boma linkafunira kalaliki. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha. Aphunzitsi anga anali buku la nyimbo, matumba a feteleza, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, ndi nyuzipepala zokulungira usipa. Mpaka lero m'mutu mwanga muli nkhani zambiri zopanda mathero, chifukwa wogulitsa usipa ankang'amba pepala pamene pamukwanira iye, osati pamene pathera nkhani. Chingerezi ndinachitola chimodzimodzi, chonunkha nsomba. Ndipo ndinali ndi siginecha. Ndinaipeka ndekha pamchenga wa kudambo ndikudyetsa ng'ombe, ndipo inali ndi mchira wautali wopindikira pansi ngati wa nyani. Kwa zaka zambiri inalibe ntchito. Inali ngati suti ya munthu amene saitanidwa ku ukwati.

Kenako kunabwera bungwe lina lothandiza alimi. Mlangizi wake anati akufuna munthu mmodzi wodziwa kulemba ndi kuwerenga akaimire sikimu yathu ku maphunziro a masiku atatu ku boma. Tcheya wa komiti anali alamu anga, achimwene awo a akazi anga, munthu wamfupi, wa mawu ochepa ndi maso oseka.

"Tumizani alamu angawa," anatero. "Amawerenga ngakhale thumba la feteleza lopanda kanthu. Mwina kumeneko akapeza owamvetsera, ife makutu apumeko."

Anthu anaseka, ndipo ine kusekako ndinakutenga ngati voti.

Ku loji kumene tinafikira ndinaona zodabwitsa zambiri, koma chimene chinandigwira mtima si bedi kapena madzi otentha otuluka m'khoma. Chinali pepala. M'mawa uliwonse pakhomo la holo pankakhala mayi wina wa magalasi, wosaseka, wosunga ndalama za bungwelo, ali ndi pepala la mayina. Lamulo lake linali limodzi ndipo ankalinena ngati pemphero: "Aliyense asayine yekha. Palibe kusayinira mnzake. Chosalembedwa sichinachitike." Ndinaona ndi maso anga bambo wina wa tayi akumanidwa envelopu ya tsiku lachiwiri chifukwa anazemba kukaona m'bale wake kuchipatala, mnzake n'kumusayinira. Mayi uja anangoyang'ana siginechayo, n'kuyang'ana bamboyo, n'kubweza envelopu m'chikwama. Ndinati, uku ndiye kuyendetsa zinthu.

Tsiku lomaliza ndinasayina, mchira wa nyani uja unapindika bwinobwino mpaka kulowa mumzere wa munthu wapansi panga, ndipo mayi uja anandipatsa envelopu. Munali alawansi ya chakudya, ya malo ogona, ndi yobweza thiransipoti. Ndinakaitsegulira kuchimbudzi, chifukwa ndinaona kuti anzanga onse akulowera komweko mmodzimmodzi. Ndinawerenga kawiri. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti dzanja langa lakhala likuwononga nthawi ndi khasu.

Pa maulendo otsatira ndinagwera m'manja mwa akadaulo. Kuli anthu m'dziko muno amene ntchito yawo ndi kuphunzitsidwa. Amadziwana kuchokera m'maboma osiyanasiyana, amapatsana moni ngati anthu a mpingo umodzi, ndipo amadziwa bungwe lopatsa bwino ndi bungwe louma manja monga mmene ife timadziwira dothi. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa maphunziro enieni. Ndalama yogonera suigonera. Mumapita anthu anayi kuseri kwa msika, n'kubwereka chipinda chimodzi, awiri pabedi, awiri pamphasa, mawa n'kusinthana. Ndalama yodyera suidyera. Umalimbikira tiyi wa teni koloko ndi wa folo koloko, samusa ziwiri pakamwa, ziwiri m'thumba, madzulo n'kumwa madzi n'kuthokoza Mulungu. Tinkabwerako titaonda, koma envelopu itanenepa.

Ya thiransipoti inali ndi luso lakelake. Ine ndinkapalasa njinga yanga kuchokera kuchigwa mpaka ku Manjawira, n'kuisiya kwa msuweni wanga wogulitsa zitsulo za njinga, n'kukwera minibasi kachigawo kotsalako. Mayi wa magalasi ankafuna lisiti la ulendo wonse. Koma kondakitala aliyense anali ndi kabuku m'thumba lakumbuyo, ndipo ukamugulira chozizira ankakulembera ulendo uliwonse umene mtima wako wakhumba. Pa mapepala a mabungwe ine ndinali munthu amene sanakwerepo njinga chibadwire. Thukuta linali langa, ulemu unkapita kwa minibasi. Chikumbumtima chikandifunsa, poti ndinali mkulu wa mpingo wosunga mabuku a nyimbo, ndinkachiyankha kuti miyendo nayonso imadya mafuta.

Kunyumba ndinkafika ngati Khirisimasi. Ndinkakhuthula chikwama pamphasa: tisheti, kope, zolembera, mabotolo a madzi opanda madzi, timapepala ta shuga, ndi tisopo ta ku loji. Akazi anga, munthu wamtali wosathamangira kuyankhula, ankanyamula kasopo kamodzi ndi zala ziwiri n'kukayang'anitsitsa.

"Abambo, aka n'kosambitsira chala chiti?"

"Amayi, ameneyo ndi sopo wa anthu ophunzira. Sadetsedwa kwambiri."

"Oho. Ndiye envelopu ilowe m'nyumba, Chingerezicho chitsale pakhonde."

Envelopu sankaikana. Malata a kukhitchini anachokera m'menemo, yunifolomu za ana chimodzimodzi. Ndinganame ndikati maulendowo analibe phindu.

Dzina likalowa pa pepala la bungwe limodzi limaswana. Linadumphira ku bungwe lachiwiri, lachitatu, ndipo posakhalitsa ndinkaitanidwa ku zinthu zimene zinalibe ubale uliwonse ndi mpunga. Ndinaphunzira za kusintha kwa nyengo kanayi, nyengo ili chisinthire. Ndinaphunzira kusamba m'manja kawiri, ndili ndi zidzukulu panjira. Ndinaphunzira za kugawana ntchito pakati pa mwamuna ndi mkazi kwa masiku asanu, sabata yeniyeni imene akazi anga ankawokera mpunga okha. Ndinabwera ndi satifiketi. Anaiyang'ana ataizondotsa, n'kundiuza kuti ndikatunge madzi.

Ndiye kunabwera maphunziro amene anandimaliza: kayendetsedwe ka magulu ndi kalembedwe ka malamulo.

Nthawi imeneyo ntchito ya ngalande inkayenda mwachikale. Lachiwiri lililonse m'mawa anthu ankalowa m'ngalande ndi makasu ndi mafosholo kuchotsa matope ndi udzu kuti madzi afike kwa a kumunsi. Wojomba ankadziwika ndi nkhope, ndipo chilango chake chinali pakamwa pa amayi. Ankamuimba kuchitsime sabata yonse. Zinkathandiza pang'ono, koma anthu ena khungu la m'makutu n'lolimba.

Ine ndinabwera ku maphunziro aja ndikuyaka moto. Pamsonkhano wa pansi pa msangu, pamene timakumanira, ndinaimirira nditavala tisheti yatsopano n'kuyala nzeru zanga. Pakhale kaundula wa ngalande. Mwini puloti asayine yekha, wosadziwa kulemba adinde chala. Palibe kusayinira mnzake. Wojomba katatu pa nyengo imodzi, kupatula matenda ndi maliro, alandidwe puloti, ipatsidwe kwa munthu wolimbika pa ngalande amene alibe yake.

Mayi wina wamasiye wa mudzi wachiwiri anakweza dzanja.

"Nanga mwini puloti akachoka, mkazi wake n'kubwera kudzagwira?"

"Mayi," ndinatero ndikumwetulira ngati mphunzitsi woleza mtima, "dzina limene lili m'buku ndi limene lisayine. Kumene timapitako ndi mmene amachitira. Chosalembedwa sichinachitike."

Akazi anga anali pomwepo pamphasa ya amayi. Anangomasula duku n'kulimanganso.

"Mwatsimikiza, alamu?" anafunsa atcheya.

"Ndatsimikiza, alamu."

Ndinalemba malamulowo ndekha, ndi cholembera cha ku wekishopu, m'kope la ku wekishopu, ndipo ndinapereka mwaulere kabokosi ka inki kodindira chala. Pansi pake ndinayamba kusayina ndine. Mchira tsiku limenelo unatenga mizere itatu.

Mungafunse kuti kodi sindinkaona dzenje limene ndinkakumba? Ayi. Munthu wolemba lamulo amaona nkhope za anthu ena. Ine polemba ndinkaona bambo wina wa kumunsi wokonda kachasu, amene Lachiwiri lililonse mutu unkamuwawa. Ndipo lamulo linamugwiradi nyengo yoyamba yomwe. Tinamulanda puloti, iye akulira, ine ndikuwerenga ndime yake momveka bwino. Zitatero anthu anachita mantha. Ngalande yathu inayera ngati mbale ya alendo, madzi anafika mpaka puloti yomaliza, ndipo mlangizi wa bungwe atabwera anajambula kaundula wathu ndi foni.

Apa ndiye maulendo anachuluka. Tsopano sindinkapita kukaphunzira kokha, ndinkapita kukaphunzitsa. Ankandiitana kukafotokozera alimi a m'maboma ena mmene sikimu yathu inathetsera kujomba. Ndipo pa zifukwa zimene amadziwa okha okonza misonkhano, misonkhano imakonda kuyamba Lolemba.

Nyengo yachiwiri ndinajomba koyamba ndili ku Dedza. Ndinajomba kachiwiri ndili ku Balaka. Lachiwiri lililonse limene ndinachoka akazi anga ankalowa m'ngalande ndi fosholo yanga, ndipo kunena zoona ankalowa ngakhale ine ndilipo, chifukwa ine ndinkakhala pamtunda ndi kaundula kuonetsetsa kuti anthu akusayina mumzere woyenera. Mtima wanga unali m'malo. Ntchito ikugwirika, ndinkadziuza choncho, ndipo aliyense akudziwa kumene ndili.

Kenako foni inalira masana ena tikupuntha nyemba pabwalo. Anali mlangizi. Msonkhano waukulu ku Lilongwe, masiku asanu, ku hotelo yeniyeni ya chikepe chokwerera ku zipinda za m'mwamba, kuyambira Lolemba. Mutu wanga unawerengera pomwepo: masiku asanu a mumzinda, kuphatikiza thiransipoti ya ulendo wautali chonchi. Ndinaona matumba a simenti, ndinaona khonde lathu litasalala.

Akazi anga anadikira ndithe kuthokoza pafoni.

"Lachiwiri kuli ngalande," anatero, ndodo ili m'manja. "Mwajomba kawiri."

"Si mumapita inu, amayi?"

"Ndimapita. Matope amandidziwa. Buku silindidziwa."

"Aaa, alamu sangandichite zimenezo. Ndikupita kukakweza dzina la sikimu."

"Achimwene sachita kanthu. Lamulo ndi lanu."

"Lamulo lili ndi mzimu wake, amayi. Si zilembo zokha."

"Mzimuwo munaulemba?"

Ndinakatenga nsapato n'kuyamba kupolisha.

Ku Lilongwe ndinakwera chikepe, ndipo mimba inatsalira pansi kwa kanthawi. Ndinapeza akadaulo anzanga ataunjikana pakhomo la holo, nkhope zili ngati za pamaliro a munthu wosasiya chuma. Mmodzi anandikokera pambali n'kundinong'oneza mawu amodzi: fulubodi. Ndiye kuti bungwe lalipiriratu kugona ndi kudya ku hoteloyo, m'manja mwa munthu simulowa kanthu. Za thiransipoti, mayi wa magalasi anali ndi pepala la mitengo yeniyeni ya mabasi, ndipo malisiti athu okongola aja sanawayang'ane n'komwe.

Masiku asanu amenewo ndinadya ngati munthu wobwezera chipongwe. Chakudya chinali chodzigawira wekha, ndipo ndinadzigawira. Soseji, mazira, nkhuku masana, nkhuku madzulo. Ndinagona ndekha pabedi lokwana banja lonse, mapilo anayi, ndikusowa wosinthana naye mphasa. Chilichonse chimene ndinkameza ndinkachiwerengera kuti ichi chikanakhala theka la thumba la simenti. Khonde lathu lonse ndinalidya ndi foloko.

Ndipo Lachiwiri m'mawa, nthawi imene dzuwa limayamba kuwotcha msana wa munthu wowerama m'ngalande, ine ndinaima kutsogolo kwa holo yozizira, cholembera chachikulu m'manja, kufotokoza lamulo lathu. Ndinalemba pa pepala lalikulu la pakhoma: WOJOMBA KATATU. Ndinadula mzere pansi pake. Ndinati lamulo lopanda mano ndi nyimbo chabe, ndipo kwathu sitiona nkhope. Anandiombera m'manja mwa mtundu uja umayamba ndi chala chimodzi n'kumakula ngati mvula. Ndinaweramitsa mutu modzichepetsa.

Ndinafika kunyumba Lachisanu madzulo dzuwa likadalipo. Ndinakhuthula chikwama chatsopano pamphasa: tisopo, tijamu ta m'timapaketi, ndi mazira owiritsa asanu amene anayenda nane m'thumba la jekete kuchokera ku Lilongwe ndipo anali atayamba kudzitchula okha.

"Envelopu?" anafunsa akazi anga.

"Masiku ano asintha kachitidwe."

"Ndiye mwabwera ndi chiyani?"

"Nzeru, amayi."

"Zisungeni bwino. Mawa zikufunika pansi pa msangu."

Sindinaonepo msonkhano wa sikimu wodzaza ngati umenewo. Anabwera ngakhale anthu opanda puloti, ngakhale ogulitsa zitumbuwa. Alamu anga anakhala pampando wawo, kaundula ndi kope la malamulo zili pamwendo. Anatsegula kopelo, analiyandikiza kumaso, analitalikitsa, kenako anapukusa mutu.

"Kalembedwe aka n'kapamwamba, maso anga sakukwanitsa. Mwayi wake amene analemba ali pompano. Alamu, tatiwerengereni ndime yachinayi."

Ndinaimirira n'kuwerenga. Ndiyenera kunena kuti ndinawerenga bwino, ndikupuma pamene pali mpumiro. Munthu sutaya luso chifukwa choti ukuzengedwa mlandu. Nditamaliza ndinapempha kuyankhulapo. Ndinati maulendo anga anali a gulu, kuti dzina la sikimu yathu likutchulidwa m'mahotelo chifukwa cha ine.

Bambo wa kachasu uja anadzuka kumbuyo. Tsiku limenelo anali wosaledzera, anachita kukonzekera.

"Atcheya, ndifunse nawo. Ine ndinajomba chifukwa cha botolo logula ndi ndalama zanga. Akuluwa ajomba chifukwa cha botolo la madzi laulere. Kusiyana kwake kuli pati?"

Anthu anaseka mpaka mbalame zinathawa mumsangu. Ndinadikira phokoso lithe, n'kuponya mkondo wanga womaliza. Ndinati ntchito sinaime, akazi anga ankabwera tsiku lililonse.

Mayi wamasiye uja sanakweze n'komwe dzanja.

"Funso limenelo ndinafunsa ine chaka chatha. Munandiyankha bwino kwambiri, abambo, moti ndinapita kunyumba nditaphunzira. Tabwerezani, ena kunalibe."

Sindinabwereze. Anandibwerezera anthu, onse pamodzi, ngati ana a sukulu: "Dzina limene lili m'buku!"

Alamu anga anandiyang'ana, ndipo maso oseka aja sanali kuseka. Ndikhulupirira kuti akanatha kundipulumutsa akanatero. Koma bambo wa kachasu anali chiimire, ndipo lamulo limene linamudya iye silikanasanduka losadya nyama lero. Anatenga rula n'kudula dzina langa ndi mzere umodzi wowongoka, osafufuta, kuti liziwerengeka. Ndinawaphunzitsa ndine kadulidwe kameneko.

Panatsala funso loti puloti ipite kwa yani. Manja anakwera ambiri. Bambo wa kachasu anati iye walapa ndipo ali pamzere. Atcheya anati lamulo likuti munthu wolimbika pa ngalande amene alibe puloti, ndiye tidziwa bwanji wolimbika, poti kaundula amalemba eni mapuloti okha?

Pamenepo akazi anga anayankhula, ali chikhalire pamphasa.

"Achimwene, tatsegulani tsamba lomaliza."

Anatsegula kaundula kumapeto, n'kumutembenuzira kwa anthu. Tsamba lonse linali zala. Chala chimodzi chomwecho, chachikulu cha kumanja, chokhala ndi kachipsera ka chikwakwa pakati, chodindidwa ndi inki yanga yomwe ija, mzere ndi mzere, pambali pake mlembi wa komiti atalemba tsiku. Kuyambira Lachiwiri loyamba lamulo litakhazikitsidwa, iwo akatuluka m'ngalande ankapukuta chala pachitenje n'kudikira kaundula abwerere m'manja mwa mlembi, kenako n'kumuuza kuti awapezere pena paliponse podinda. Panalibe Lachiwiri losowa. Ine amene ndinkanyamula kaundulayo pamtunda sindinafikepo tsamba lomaliza. Ndinazolowera nkhani zopanda mathero.

Sipanafunike voti. Alamu analemba dzina la mlongo wawo pamwamba pa mzere uja.

Anthu pobalalika ankandigwira paphewa. Ankati palibe chimene chatayika, mpunga ulowa khomo lomwelo, mphika ndi womwewo. Ndinkavomera n'kumaseka nawo. Zinali zoona. Koma podutsa pa sikimu ndinaima pamzere paja ndinkaima ndi jekete la kutchalitchi. Mpunga unali utayamba kubereka, wobiriwira bwino, wosadziwa kuti wasintha mwini. Ndinazindikira kuti ndabwerera pamene ndinayambira tsiku lotsika kumtunda: munthu wa njinga, jekete ndi siginecha. Ngakhale botolo la madzi laulere lija ndinalibe.

Akazi anga anali patsogolo pang'ono, akundidikira osacheuka.

"Munadziwa kuti zithera apa," ndinatero nditawapeza.

"Ndinakuuzani tikupuntha nyemba."

"Nanga zala zija?"

"Munati chosalembedwa sichinachitike. Ine mukamaphunzitsa ndimamvetsera, abambo. Mwina pa sikimu yonse ndine ndekha." Tinayenda pang'ono. "Mukanakonda ipite kwa wa kachasu?"

Ndinati ayi. Ndipo sindinkanama.

Pamsonkhano wotsatira mwini puloti watsopano anapempha kuti ndime yachinayi ikonzedwe: mwini akachoka, wa m'banja lake abwere kudzagwira ntchito ndi kusayina m'danga la woimirira. Zinadutsa popanda wotsutsa. Anandipempha ine kuti ndilembe, poti kalembedwe kanga n'kooneka bwino. Ndinaganiza kuti akonza lamuloli pondimvera chisoni. Sabata ziwiri zitapita ndinamvetsa. Mlangizi anaimba foni, pa foni yanga yomwe, n'kundipatsa moni mwaulemu kwambiri, kenako anati bungwe tsopano likufuna eni mapuloti enieni, makamaka amayi, ndiye kodi amayi ali pafupi?

Anapita. Anasankha chikwama cha kugawana ntchito pakati pa mwamuna ndi mkazi, anakhuthula nyemba zimene zinalimo, n'kulongedzamo zitenje ziwiri. Ndinayesa kuwapatsa malangizo a akadaulo, za chipinda cha kuseri kwa msika ndi kabuku ka kondakitala. Anati iwo akwera minibasi yeniyeni ndipo akagona pamene awauze kuti agone, chifukwa msana wawo wagwira ntchito yokwanira.

Lachiwiri limenelo ndinalowa m'ngalande. Ndinavala tisheti yolembedwa za kusamala madzi, ndipo pofika teni koloko mawuwo sankawerengeka. Kunalibe tiyi. Bambo wa kachasu, amene tsopano amagwira ganyu m'mapuloti a anthu, anaima pambali panga n'kundionetsa kagwiridwe ka fosholo, akunditchula kuti mnzanga wa m'kalasi. Potuluka ndinapukuta dzanja pa buluku n'kusayina m'danga la woimirira. Dangalo n'laling'ono, ndinalijambula ndekha ndi rula, moti mchira sunakwanemo. Ndinaudula.

Akazi anga anabwera Lachinayi masana. Envelopu anaiika m'chitenje osandionetsa, ndipo miyezi iwiri itapita khonde linasalala. Koma pokhuthula chikwama pamphasa, pansi pa tisheti ndi tisopo, anatulutsa nyuzipepala. Yathunthu, yatsopano, yosakulungirapo kanthu, masamba onse ali m'malo mwake. Anati anaigula pa depoti ndi ndalama ya chakudya cha masana.

"Ndakutengerani iyi," anatero. "Muziwerenga mpaka tsamba lomaliza."

Ndinaiwerenga masiku anayi, pakhonde la eni, pansi pa mthunzi wa eni. Nkhani zambiri, kunena zoona, zinkakoma kwambiri zisanathe.